Sindinazimitse Pampu ya Bambo a Tadala

Ndinadzuka kusanache, pansi pabalaza, miyendo itachita dzanzi. Azimayi a mpingo anagona mothinana mpaka pakhomo la kubafa, poti nyumba yathu ya ku Romford, ku London, ndi yachipinda chimodzi. Nyimbo zinali zitaleka kale, neba wapamwamba atagogoda. Ndinapapasa pambali panga kufuna Tadala, mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi. Panalibe. Anali pamiyendo pa alamu anga, achemwali a malemu amuna anga, a ku Wembley. Chimwalirire bambo ake, mwanayu ankandithawa, ndipo ndinkaopa kuti wamva zimene anthu ankanong'ona.

Kukhitchini ankaphika mpunga ndi nkhuku, mawindo ali thukuta lokhalokha. Ndinamva wina akuti, "Akuti anachita kuzimitsa." Ndinalowa. Mayi wina n'kuyamba kutsuka mbale yoyera kale.

Amuna anga anali ndi pampu m'chifuwa. Mtima wawo unafooka mbali ya kumanzere, ndiye madokotala anaikamo kachipangizo kokoka magazi mumtimamo n'kumawakankhira m'thupi. Waya unkatulukira pamimba, mabatire m'kachikwama. Wotsuka bala ndinali ine, wotchaja mabatire ine. Pampu ija siigunda ayi, imangoyenda osapuma. Ndiye tsiku lina alamu anawagwira pamkono, osamva kugunda, n'kukuwa kuti mlongo wawo alibenso mtima, akungoyendera magetsi. Nkhani inafika mpaka ku Ntcheu. Koma mtima unalipo! Pampu imangokankha magazi amene mbali ya kumanja yatumiza. Mbali imeneyo nayo itatopa, miyendo inatupa, pampu n'kumalira kuti magazi akuchepa. Kuchipatala mtima unaima wokha. Anesi anazimitsa pambuyo pake, ine ndili pampando, manja kumutu.

Kutacha anthu anadzaza mpaka pamasitepe. Ena anachokera kuntchito ya usiku, yunifomu ili mkati mwa jekete. Kunja kamvula kowaza, kozizira kolowa m'mafupa. Galimoto ya maliro inatsogola, ife pambuyo, ndipo pamaloboti basi inatidula pakati, ena n'kusochera. Kumanda kunalibe adzukulu. Azungu awiri anaima patali ndi kathalakitala kawo, kudikira kuti timalize. Bambo wina anakweza foni m'mwamba kuti akumudzi aonere.

Kenaka atsibweni a malemu anaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera, monga mwa mwambo. Anati, "Mwana wathuyu ankakhalira makina. Makinawo atazimitsidwa, amene anali pafupi akudziwa okha, anatisiya." Azimayi anati mmm. Tadala anandiyang'ana kamodzi, n'kubisa nkhope m'chitenje cha alamu.

Namfedwa salankhula pamanda, ndikudziwa. Koma ndinangoona ndaimirira.

"Pepani atsibweni, si mmene zinayendera. Mtima ndi umene unayamba kuima."

"Alamu, khalani pansi," anatero alamu anga. "Mukutichititsa manyazi, kumudzi akuona."

"Aone! Mwana wanga akumva, inu mukuti manyazi? Miyendo ikutupa munali kuti?"

Abusa anayambitsa nyimbo kuti andiphimbe. Ine osasiya. Ndinanena zonse, za kumanzere, za kumanja, za pampu yolira, anthu akuimba mokweza dala. Sindikudziwa ngati wina anamva. Mayi mmodzi wa yunifomu ya kuntchito ija anasendera n'kundifunditsa ambulera yake. Iyeyo sankaimba. Bokosi linatsika ndikulankhulabe, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindinawatsanzike bwino amuna anga chifukwa cholimbana ndi bodza.

Madzulo anthu anadya n'kubalalika. Ambiri sanandipatse dzanja. Alamu analongedza zovala za Tadala m'chikwama, ati akakhale ku Wembley kuti ine ndipume. Ndinaima pakhomo.

"Tiye, mwanawe," anatero alamu.

Tadala anayang'ana chikwama, anayang'ana ine. Kenaka anakhala pansi n'kuvula nsapato zake yekha, imodzi, inzake. Alamu anaima kanthawi, anatsonya, n'kutsika masitepe.

Nyumba inatsala ya awiri. Mipando yobwereka itaunjikidwa pakona, matope a kumanda pakapeti. Mwana sanandifunse kanthu. Anangonena m'Chingerezi chake kuti ali ndi njala. Ndinapakula mpunga wozizira mbale ziwiri. Yake anaikankhira uko, n'kubwera kudzadya m'mbale yanga.