Chitenje Chobwezedwa Kawiri

Gulu lathu la ku Mitundu linalibe dzina, linalibe wapampando, ngakhale yunifolomu tinalibe. Tinali amayi ochepa chabe: ine mphunzitsi wa kupulayimale, anesi ena a pachipatala, amayi ogulitsa tomato ndi usipa, ndi mnzanga wachisilamu amene anali ndi sitolo ya nsalu pafupi ndi pokwerera minibasi. Iyeyu ndiye anayambitsa zonse, atatopa ndi kutsuka magazi a anthu pakhonde la sitolo yake.

Mukudziwa mmene zimakhalira pamsika. Munthu akangokuwa kuti "Wakuba!" aliyense amasiya zimene akuchita. Wina amatola mwala asanafunse n'komwe kuti chabedwa n'chiyani. Khalidwe limeneli limandinyansa mpaka lero.

Pangano lathu linali losavuta. Tikamva mkuwo tinkathamangira komweko, kuvula chitenje cha pamwamba pa diresi, kumufunditsa womenyedwayo, ife n'kukhala pansi momuzungulira mpaka apolisi afike. Mlandu sitinkaweruza ayi. Ngati wabadi, akayankhe kukhoti ali moyo.

Amuna anga ankandiseka. "Mayi, inu ndi miyendo yanuyo? Muzikafika anthu atabwerako kale kumanda." Zoona, liwiro Mulungu anandimana. Koma pakamwa ndiye anandipatsa mosefukira.

Munthu amene sindidzamuiwala anali bambo wina wogulitsa makala, wochokera cha ku Dzalanyama. Ankabwera ndi matumba panjinga, wakuda bii ndi fumbi la makala, wofatsa, komanso wachibwibwi. Tsiku lina foni ya munthu inasowa iye ataima pafupi. Atamufunsa, mawu anamukanirira pakhosi, anthu n'kumati, "Mwaona? Akulephera kuyankha!" Pamene tinkafika anali atagwa kale.

Ndinamufunditsa chitenje changa cha mawanga a nkhanga, anzanga n'kukhala momuzungulira. Ndinayang'ana gulu lija ndipo nkhope zambiri ndinkazidziwa. "Iwe! Si ndinakuphunzitsa kuwerenga ndine? Taya mwalawo!" Anesi aja analoza bambo wina wa chibonga m'manja: "Inu, akazi anu anachira m'manja mwanga mwezi watha, lero mukufuna kupha mwana wa mnzanu?" Manyazi anawagwira, miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Foni ija inapezeka madzulo m'jekete la mwini wake, koma palibe amene anapepesa.

Atachira mabala, bambo wamakala uja anafika pakhomo panga. Ananyamula chitenje chija, chochapidwa bwino, chopindidwa, ndi kathumba ka makala pambali. Anagwada, navutika ndi mawu kwa kanthawi. "A-aphunzitsi, akunyumba akuti zikomo." Ndinamuuza kuti chitenjecho akanangosunga. Anapukusa mutu, nati nsalu ya eni sasunga.

Koma dzina loipa silichapika ngati nsalu. Ana ankamukuwiza kuti wakuba foni, ogula anayamba kumulambalala, mpaka anasamutsira malonda ake ku Nathenje, ulendo wautali wopalasa ndi katundu wolemera. Patapita nthawi nanenso anandisamutsira kusukulu ina ya komweko. Tsiku limene tinakumana m'mbali mwa msewu waukulu anaseka mpaka mano onse kuonekera, nandipatsa makala osafuna kumva za kulipira.

Ndinayesa kuyambitsa gulu ku Nathenje. Amayi a kutchalitchi anati tikambirana, ndipo mukudziwa kumene "tikambirana" amathera. Amayi a pamsika anandiyankha mosapsatira: "Aphunzitsi, inu mbuzi zanu sizinabedwepo. Mukufuna tife ife chifukwa cha mbava?" Sindinawade, poti akuba anali atawasautsadi. Ndinamuimbira foni mnzanga wa sitolo ya nsalu uja kumudandaulira. "Musatope, achemwali," anatero. "Ifenso tinayamba awiri."

Wachiwiriyo ndinali ndisanamupeze pamene tsiku lija linafika. Linali Loweruka masana, ndikugula masamba, pamene ndinamva mkuwo. Akuti njinga ya munthu yabedwa, ndipo agwira wina akukankha yofanana nayo. Ndinathamanga mmene sindinathamangirepo chibadwire. Chimene ndinayamba kuona ndi makala atamwazika mumsewu.

Anali bambo wamakala yemwe uja. Ankayesa kunena kuti njingayo ndi yake, koma mawu ankakana kutuluka. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu, ndinavula chitenje, chomwe chija cha mawanga a nkhanga, n'kumufunditsa. Ndinakhala pansi pambali pake ndi kukweza maso kuti ndiitane wina, monga tinkachitira kwathu kuja. Panalibe nkhope ngakhale imodzi imene ndinkaidziwa. Panalibe amene ndinamuphunzitsa, panalibe amene ndikanamuopseza kuti ndikawauza amayi ake.

"Ana anga, tayani miyala! Munthu uyu ndikumudziwa!"

"Amayi awa ndi a kuti?" wina anafunsa.

"Kaya. Mwina amabera limodzi."

Amuna awiri anandinyamula ngati thumba la chimanga n'kukandikhazika pakhonde la sitolo ina. Mmodzi mpaka anati, "Pepani mayi, mungavulale." Ulemu umenewo umandiwawa kuposa mbama. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, ndinabwerera, anandikankhanso. Akuluakulu sananame, kwa eni kulibe mkuwe. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ku Mitundu sichinali chitenje chimene chinkapulumutsa anthu. Anali manyazi a ana athu pamaso pa amayi owadziwa.

Pamene apolisi ankafika, anthu anali atabalalika, iye atatsamaya. Chitenje changa chinali chikadali pathupi pake. Mayi wina wa tomato, mmodzi mwa amene anandikana aja, anabwera n'kuchikokera kumutu kuti chiphimbe nkhope. Nsalu imene ndinamufunditsa kuti akhale moyo ndi imene anamunyamuliramo.

Kumaliro ndinapita ndi mnzanga wa sitolo uja. Tinakhala pamodzi m'siwa, iye ndi mpango wake, ine ndi nyimbo zanga za kutchalitchi zimene zinandikanika kuimba. Pambuyo pake amayi ena a ku Nathenje anabwera kudzandifunsa kuti gulu lija limayenda bwanji. Ndinawalandira, ndinawafotokozera, ndipo pano tilipo angapo. Koma ndisaname, mumtima ndinkangoti munali kuti tsiku lija.

Mvula itayamba, mayi wina wowonda, wometa kumutu, anaodira pakhomo panga. Anali mkazi wa malemu uja. Anakhala pansi, anakana mpando, natulutsa m'jumbo chitenje chija, chochapidwa, chopindidwa bwinobwino. Madontho ena anali atakana kuchoka.

"Mayi, mwavutikiranji ulendo wonsewu?" ndinatero. "Mukanangosunga."

"Bambo ankati nsalu ya eni sasunga," anayankha, maso ali pansi. "Ulendo uja anabweza okha. Lero ndabwera ndine." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Koma mundikhululukire, aphunzitsi, ndabwera chimanjamanja. Makala kulibe. Wootcha ndi uja munamufunditsa."