Batire Lomwe Ndinkati Ndigula Mawa

Inu owerenga, ine ndinataya mkazi wanga chifukwa cha batire la galimoto. Ena museka, inenso kale ndikanaseka, koma tandimverani kaye.

Kwathu ndi ku Chulu, ndimalima fodya. Chaka china fodya atayenda bwino kumsika, ndinagula kapikapu kogwirapo kale ntchito. Batire lake linali lotopa kuyambira tsiku loyamba. Ukapotokola kiyi, galimoto inkangoti tche-tche-tche, nyali zikuwala mwachizimezime, hutala n'kumalira ngati kamwana ka mbuzi. Makaniko wa pa boma anandiuza mosapsatira mawu kuti batirelo latha. Ine ndi kuuma mutu kwanga ndinkangogogoda mitu yake ndi mwala, kuthiramo madzi, n'kumati ndigula mawa. Kuwonjezera apo ndinkalichotsa n'kupita nalo m'nyumba kuti tizimverera wailesi.

Nanga ndikanavutikiranji okankha alipo? Kwathu n'kwathyathyathya, kulibe mtsetse woti galimoto n'kudzitsikira yokha, choncho ndinkadalira matenanti anga ndi anansi. Pa chiwongolero pankakhala mkazi wanga Namwale. Kuyendetsa sankadziwa, koma ndinamuphunzitsa kuika giya yachiwiri ndi kusiya kilatchi ife tikakankha. Injini ikalira ankaseka mpaka misozi, akufuula kuti, "Thamangani bambo a Tadala, mutsala!" Kuseka kumene kuja ndimakusowa mpaka lero.

Atakhala ndi pakati pa mwana wachiwiri, anandipempha kangapo kuti ndigule batire tsiku lake lisanafike. Ndinkavomera ndi pakamwa pokha. Inali nthawi ya makuponi, mtima wanga wonse uli pa feteleza wotsika mtengo.

Tsiku lina kunamveka kuti fetelezayo wafika kudepoti. Mudzi wonse unakhamukira komweko kukaima pamzere, matenanti anga ndi ngolo zomwe. Ine ndinatsala chifukwa Namwale sanadzuke bwino. Dzuwa litangokwera, matenda anamuyamba masiku asanakwane, ndipo ankataya magazi. Ndinathamanga kukabwezera batire m'galimoto, n'kupotokola kiyi. Tche-tche-tche, kenako zii.

Ndinaitana mpaka mawu kusasa, koma pamudzi panali apongozi anga okha, okalamba. Namwale, ululu uli choncho, anadzikoka n'kukhala pa chiwongolero. Chapansipansi anati, "Kankhani bambo, ndisiya kilatchi." Ine ndi apongozi tinakankha mumchenga muja. Galimoto inkangosuntha pang'ono, kugwedezeka, n'kuima. Ulendo wachitatu sanasiyenso kilatchi, mutu unali utagwera pa chiwongolero.

Ndinapalasa njinga mpaka kudepoti. Amuna asanu anasiya malo awo pamzere n'kunditsatira, ndipo atangokankha kamodzi, ine ndili pa chiwongolero, galimoto inalira. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Mwana anamupulumutsa, wamkazi. Namwale ayi. Anamwino anangopukusa mutu, nati tinachedwa.

Batire latsopano ndinaligula patangotha sabata chiikireni maliro. Ndalama zake ndinali nazo nthawi yonse ija, ndipo chimenechi ndicho chimandidya mumtima. Masiku ano galimoto imalira ndikangokhudza kiyi, koma kulira kwake sikundisangalatsa. Nthawi zina ndimakhala kaye m'katimo, osapita kulikonse, ndikuyang'ana pampando pomwe ankakhala. Mtsikana uja ali pasukulu tsopano. Akaseka, kasekedwe kake n'ka mayi ake enieni, ndipo ine ndimangotuluka panja.

Inu owerenga amene muli ndi galimoto yolira mokankha kumudzi kotalikira chipatala, chakudza sichiimba ng'oma. Musawerengere manja a anthu, lidzafika tsiku lomwe onse adzakhala atachoka. Makaniko akati batire latha, gulani tsiku lomwelo, ndipo lizikhala m'galimoto osati pa wailesi. Mkazi wanu akakupemphani chinthu kawiri, musadikire kachitatu. Ine lero ndikanalola kukankha galimoto imeneyi moyo wanga wonse, mumchenga ndi m'matope, bola pa chiwongolero pakhale Namwale.