Kathumba ka Mpunga

Kanali kathumba kansalu yabuluu, kozungulira, kokwana m'dzanja la munthu wamkulu. Mkati munali mpunga wa ku Zomba umene malume anabwera nawo pa basi. Ukakagwedeza kankalira tswatswatswa. Usiku kankagona pampando limodzi ndi duku ya mayi, m'kachipinda kathu ka ku Troyeville, ndipo ine ndinkaletsedwa kukagwira.

Ndinali kamtsikana ka ku pulayimale pamene mayi anawachotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa. Dzina la matendawo silinkatchulidwa m'nyumba mwathu, ankangoti "zija". Atatuluka m'chipatala anasiya ntchito yochapa ndi kusita ku Midrand, n'kudzitsekera. Chisanu cha Joni chinali chitafika, hita ya parafini ikununkha tsiku lonse, iwo atadzikulunga bulangeti mpaka m'khosi. Azimayi akutchalitchi akagogoda, ndinkatumidwa kukawauza kuti agona. Mayi anga amenewo, amene ankayambitsa nyimbo Lamulungu lililonse, mawu n'kumamveka mpaka pa sipaza, kagolosale ka pakona! Bulauzi yawo yoyera ya gulu la amayi inangopachikika kuseri kwa chitseko. Ngakhale kuchipatala, kumene ankayenera kumakalandira mankhwala a dilipi, anakana kubwererako.

"Ndikwere takisi chifuwa chili chopendekeka chonchi? Joni yense azindiyang'ana?"

Malume ankangobwereza mawu amodzi: "Achemwali, tikukwezeni basi, mukapumire kumudzi." Nthawi imeneyo ndinkawaona ngati ouma mtima. Lero ndikudziwa kuti anali mantha basi. Munthu wokonza mageti angadziwe chiyani za bala la pachifuwa cha mlongo wake?

Ndiye kunabwera anamwino. Anali mayi wamfupi, wonenepa, wa ku Soweto, wosamalira odwala khansa kuchipatala chija. Ataona kuti mpando wa mayi wolandirirapo dilipi ukungokhala wopanda munthu, anatifunafuna Loweruka, tsiku lawo lopuma. Tinkawatcha Sisita. Chichewa sankachidziwa, Chizulu cha mayi chinali cha m'takisi, koma awiriwo ankamvana. Sanawakalipire ayi. Anaona bala, anaona zilonda zam'kamwa, n'kundituma kukafunditsa madzi amchere ochukuchira. Kenako maso awo anagwera pa bulauzi ija.

Anapempha nsalu, singano ndi mpunga. Ine mtima unali m'malo, ndinkati lero tidya. Koma iwo anasoka kathumba, n'kuthiramo mpunga uja. Dzanja lina ananyamula bere lotsala la mayi, lina kathumba, n'kumayeza ngati wogulitsa tomato.

"Hawu, mama, lanuli n'lolemera! Wonjezera, mwana iwe."

Mayi anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kulira, ndipo kulirako sikunathe msanga. Sisita sanawauze kuti atonthole. Anangowagwira paphewa mpaka analira n'kutopa. Sabata yotsatira mayi anaika kathumba kaja mkati mwa bulauzi, anaima pagalasi, n'kukakwera takisi.

Patchuthi ndinkapita nawo kuchipatalako. Ndikukumbuka mipando yondandalika, mabotolo akudontha pang'onopang'ono, fungo la sipiriti. Sisita ankangozungulira: uyu am'funditse, uyu am'patse ayisi woyamwa, uyo am'funse ngati anagona. Ine ndinkati ntchito yanji yongocheza! Koma adokotala tinkawaona kanthawi kochepa. Amene ankadziwa kuti fungo la anyezi limawasanzitsa mayi, kuti tsitsi litayamba kuthothoka amafuna duku yofewa, kuti akati "ndili bwino" ndiye kuti zikupweteka, anali Sisita.

Majakaranda atayamba kuyala maluwa m'misewu, dilipi inatha. Ine ndinavina. Koma mayi ankangoonda, mpaka Sisita anasosola kathumba n'kuchepetsamo mpunga kuti kafanane ndi bere linalo. Anabweretsanso botolo la mankhwala amadzi oletsa ululu, n'kuphunzitsa malume kuyeza kwake. Malume anazengereza: "Amenewa si otsiriza munthu?" Sisita anapukusa mutu. "Ayi, bhuti. Ndi oti agone, adzuke, ayimbe."

Lamulungu lina Sisita anafika m'mawa atavala zakutchalitchi. Anatsitsa bulauzi yoyera ija, anaisita okha, anawasambitsa mayi, n'kuwaveka. Kathumba anakaika pamalo pake, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati kakhala bwino. Malume anawabereka mayi potsika masitepe, akudandaula monamizira kuti achemwali anenepa.

M'tchalitchi, nthawi ya nyimbo itakwana, mayi anagwira benchi n'kuimirira. Mawu anatuluka aang'ono, onjenjemera, koma azimayi anailandira nyimboyo n'kuikweza mpaka malata ananthunthumira. Mayi anaima chilili, chifuwa chili chowongoka, mpaka ndime yomaliza. Pambali pawo Sisita ankangotsatira nyimbo yosaidziwa, misozi ili chuchuchu. Sindinanyadirepo chinthu ngati tsiku limenelo.

Potuluka, azimayi ankawakumbatira mayi mmodzimmodzi, osafuna kuwasiya. Lolemba ndinathamangira kwa aphunzitsi kukawauza kuti mayi anga achira, Sisita awachiritsa ndi mpunga. Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundisisita mutu.

Khirisimasi isanafike, malume anawakweza mayi galimoto yopita kumudzi, ali m'bokosi, atavala bulauzi yoyera ndi kathumba kawo. Ndinawakwiyira Sisita zaka zambiri, ndinkati anatinamiza. Sindinkadziwa kuti dilipi imasiyidwanso ikalephera, kuti Sisita ankadziwa zonse pamene ankasita bulauzi ija, ndi kuti azimayi aja pakhomo la tchalitchi sankawayamikira mayi pochira. Ankawatsazika.