Ndinakhala chete mabatire ali m'jekete

Chipsera chimene chili pa dzanja lamanja la akazi anga ndinachititsa ndine. Sindinawamenye, sindinawathire madzi otentha. Ndinangotseka pakamwa pa nthawi imene ndinayenera kulankhula, ndipo chimene ndinkabisacho chinali kachinsinsi kopanda pake. Inu owerenga, nkhaniyi ndikaikumbukira ndimapsa mtima, ndipo amene ndimamupsera mtimayo ndi ine ndemwe.

Ndine mlangizi wa zaumoyo. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandibweretsa kuno ku Misuku, kumene mudzi umauona pafupi patsidyapo koma kuti ukafike uyambe watsika phiri, uwoloke mtsinje, ukwerenso lina. Anthu amanditchula kuti adokotala, ngakhale ntchito yanga ndi kuyeza ana sikelo, kupereka katemera ndi kulalikira za zimbudzi. Dzinalo linkandikoma, ndipo linandikulitsa mutu.

Ndudu ndinayamba kusuta ndili ku sekondale. Akazi anga atakhala oyembekezera anandiuza mosapita m'mbali kuti mwana wawo sadzakulira mu utsi, ndipo ndikapanda kusiya akachirira kwawo osabwereranso. Nkhani inafika kwa ankhoswe. Ndinalumbira pa foni, amalume awo akumva, kuti fodya ndasiyana naye. Ndinapirira milungu itatu basi.

Tsiku lina nditapita ku msonkhano wa ntchito ku boma, ndinakumana ndi wamalonda wina amene amapikula katundu ku Tunduma. Anandionetsa vepu, kachipangizo kamagetsi kamene umakoka nthunzi m'malo mwa utsi. Anati ndi orijino, fungo lake ndi la mango, ngakhale wapolisi sangadziwe kuti wasuta. Ndinagula. Inali ya mabatire ochita kuchotsa n'kutchaja padera, onenepa ngati chala chachikulu, okutidwa ndi kapulasitiki kobiriwira. Anandipatsa awiri m'kabokosi ka pulasitiki, n'kundiuza kuti ndizisungiramo nthawi zonse. Kabokosiko kankatukumula thumba, ndipo ndinaona kuti kunyumba kandigwiritsa. Ndinakaponya m'tchire ndili pamwamba pa lole, tisanafike ndi ku Kapoka komwe.

Vepuyo ndinkaibisa pansi pa mabuku m'chikwama cha ntchito, mabatire m'thumba la m'kati mwa jekete. Kasola ka kunyumba kali pabalaza, pamaso pa aliyense, choncho ndinkakatchajitsa kwa a Sichali, bambo amene ali ndi kanyumba kotchajira mafoni ndi mabatire a tochi pamsika wathu. Ndinawauza kuti ndi a tochi ya kuntchito.

Kotchajitsako aliyense amaika chizindikiro pa chinthu chake, chifukwa zinthu zimasinthana. Amayi amadonthezapo utoto wa m'zikhadabo, ena amamata kapepala. Ine ndinkaona ngati ndi zachimidzi, mpaka tsiku lina ndinabwerako ndi batire ya munthu wina, yotheratu, imene inandithera ndisanakoke n'kasanu komwe. Ndinakwiya. Ndinatenga lezala n'kulemba zilembo za dzina langa pa mabatire onse awiri, zikuluzikulu, mozamitsa, kuyambira kumutu mpaka kunsi, kuti ngakhale wosaona azitha kuzipapasa. Chitsulo chinkawala m'zilembomo, ine n'kumadziona ngati dolo.

A Sichali atawaona anawatembenuza kangapo, n'kupukusa mutu.

"Yayi, adokotala, apa mwananga chinthu. Batire mwaivula malaya. Chisulo ichi chikakumana na kiyi, ni moto."

Anandifotokozera kuti thupi lonse la batire ndi chitsulo chonyamula mphamvu, ndipo kapulasitikiko si kokongoletsera, ndiko kamatchinga kuti mbali ziwirizo zisalumikizane. Ndinawayankha monyada kuti tochi sinaphepo munthu. Anaseka, n'kunena kuti tochi yangayo imanunkhira mango chomene. Anakana kuwatchaja, ati sakufuna kanyumba kawo kapse, ndipo anandiuza kuti ndigule ena.

Inu owerenga, mmalo moti ndimve, ndinatupa. Ine wa satifiketi, wophunzitsa mudzi wonse kusamba m'manja, ndilangizidwe ndi wotchaja mafoni? Ndinasamukira kwa munthu wina woonetsa vidiyo kumunsi kwa msika, amene safunsa kanthu bola walipira. Kwa miyezi ingapo ndinkayenda ndi mabatire ovulawo m'thumba limodzi ndi makiyi. Kawiri konse ndinamva pachifuwa pakutentha. Ndinati ndi thukuta la chitunda.

Nthawi imeneyi mwana anali atabadwa, mtsikana. Anansi athu anamutcha Lusungu, ife n'kulikonda dzinalo.

Linali Lamulungu m'mawa m'nyengo yozizira, Lusungu ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mabatire ndinali nditawatenga chadzulo lake, odzaza. Ndinakhoma chitseko n'kuponya makiyi onse, a nyumba, a bokosi la mankhwala ndi a njinga, m'thumba lomwelo monga mwa masiku onse. Tinanyamuka ulendo wa kutchalitchi kudzera kanjira ka m'minda ya khofi, mwana ali kumsana kwa mayi wake. Tili pakati pa njira kunayamba mawawa. Lusungu anali ndi kachifuwa sabata imeneyo.

"Bambo a Lusungu, tabwereketsani jeketelo, mwanayu anyowa," anatero akazi anga.

Ndinavula. Povulapo thumba linandigunda padzanja, ndipo ndinakumbukira chilichonse: mabatire, zilembo zija, makiyi, mawu a a Sichali. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndikanangonena kuti dikirani ndichotse zinthu m'thumba, zikanathera pomwepo. Koma ndinadziwa kuti aona, afunsa kuti tochi yake ili kuti, ndipo kumbuyo kwathu kunkabwera amayi atatu a kutchalitchi. Ndinawerengera mumtima kuti tchalitchi chayandikira, ndipo miyezi yonseyi palibe chachitika. Jeketelo ndinamufunditsa mwanayo ndi manja angawa, n'kulipisa bwinobwino m'mbali mwa mbereko kuti mphepo isalowe.

Njira ya kumeneko ndi yotsetsereka, ndipo mayi wobereka mwana amatsika modumphadumpha. Ine ndinali pambuyo, maso ali pa thumba lija, ndikumva makiyi akulira pamsana pa mwana wanga. Katatu ndinatsegula pakamwa, katatu ndinameza mawu.

Tikuyandikira kamtsinje ndinamva kulira ngati tayala la njinga likuphwa, kenako fungo lowawa lolasa m'mphuno. Utsi unatuluka m'jekete. Lusungu analira kulira kumene sindinakumvepo. Ine wodziwa chimene chikuchitika ndinangoti chilili ngati chitsa. Mayi wake, amene sankadziwa kanthu, anaponya dzanja kumbuyo, n'kugwira jeketelo penipeni pa thumba kuti alizule. Batire inaphulikira m'dzanja mwawo. Lawi lake linali loyera ngati la owotcherera zitsulo. Jekete linagwera m'nthochi, batire yachiwiri n'kuphulikira komweko. Nsalu ya jeketelo inali ya nayiloni, ndipo inasungunukira pa zala zawo.

Mwana anapsa pang'ono paphewa. Chinamuteteza ndi juzi ndi chitenje chonyowa, komanso dzanja la mayi wake.

Amayi atatu aja anafika akuthamanga. Wina anati tithire dzira, wina mafuta ophikira, wachitatu anayamba kale kunena kuti moto wotuluka m'chovala si wabwino, pali munthu wautumiza. Anafika potchula dzina la mkulu wina woyandikana nafe amene mbuzi zake zinatidyera ndiwo. Apa ndiye pakamwa panga panatseguka, mochedwa. Ndinawauza kuti palibe watumiza kanthu, ndi mabatire anga osutira. Chinsinsi chimene ndinkaopa kuululira munthu mmodzi ndinachilengeza pamaso pa anayi, ndipo pofika masana tchalitchi chonse chinali chitamva.

Ndinaviika dzanja la akazi anga m'madzi ozizira a mumtsinje kwa nthawi yaitali, paphewa pa mwana n'kumathirapo madzi, ndikukana mazira ndi mafuta. Ndicho chinthu chimodzi chokha chanzeru chimene ndinachita tsiku limenelo. Tinakwera njinga yamoto mpaka kuchipatala chathu chaching'ono, kumene anatitumiza ku chipatala chachikulu ku boma. Amene mumaudziwa msewu wa ku Misuku mukudziwa mmene munthu wabwinobwino amafikira atatopa. Ganizani munthu wopsa dzanja. Ulendo wonse akazi anga sanalire, ndipo sanandiyang'ane.

Anagonekedwa milungu ingapo. A Sichali anabwera kudzawaona ndi phava la nthochi, n'kungonena kuti pole, mama, ndiko kuti pepani. Za zilembo zija sanatchule n'kamodzi komwe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandinyoza.

Masana ena, mwana atagona, ndinawaululira akazi anga zonse, kuyambira pa wamalonda uja mpaka pa lezala. Ndinapepesa chifukwa chophwanya lumbiro langa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

"Za fodyayo ndinadziwa kalekale. Malaya anu amachapa ndani? Mango a chaka chonse munawaona kuti? Ndinangoti bola sakusutira m'nyumba, tsiku lina adzandiuza okha. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mungafunditse mwana moto, mukudziwa, n'kumayenda pambuyo pathu muli chete."



Chimene chimandikwiyitsa tsopano n'chakuti ndikapita ku boma ndimaonabe amuna akuluakulu akutulutsa mabatire oterewa m'thumba la thalauza pamodzi ndi makiyi ndi tindalama tachitsulo, ena osupuka ngati mbatata yowotcha. Ndikawalankhula amandiyankha zomwe zija ndinkayankha ine, ati chaka chonse sichinachitikepo kanthu. Inenso sichinachitike kanthu mpaka Lamulungu limenelo.

Monga mlangizi ndikuti siyani kusuta, kaya ndi utsi kaya ndi nthunzi. Ine ndinasiya, ngakhale mtengo wake analipira ndi wina. Koma ngati simunasiye, inu owerenga, ndimvereni pa izi zokha. Kabokosi kaja musakataye, ndipo batire isamagone m'thumba kapena m'chikwama ili yokhayokha, chifukwa ngakhale yosasupuka ikakumana ndi chitsulo kumutu ndi kunsi imayaka. Mukafuna chizindikiro, donthezani utoto monga amachitira amayi, amene anandiposa nzeru. Lezala ayi, msomali ayi. Batire ikang'ambika chikopa, ikaphwanyika pena, kapena ikayamba kutentha yokha, ntchito yake yatha, musaikakamize. Musaiponyenso kudzala kumene mumatentha zinyalala, ana akusewera pafupi. Potchaja gwiritsani chotchajira chake, pakhale munthu woyang'anira, ndipo musaisiye padzuwa pambali pa sola. Wotchaja akakukanirani, musathamangire kwa amene safunsa. Ndipo chinthu chimene mukuchita kuchibisa kwa a m'nyumba mwanu, dziwani kuti tsiku lina adzachigwira osadziwa kuti n'chiyani.

Akazi anga sanabwerere ku Ntcheu, ngakhale amalume awo anatumiza uthenga woti azipita. Bala linapola, koma khungu linakokana, moti chala chachikulu ndi chamkombaphala sizipindika bwino. Amalima, amaphika, koma mfundo ya mbereko imawakanika. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito amaweramitsa msana, Lusungu amakwera, ine ndimazungulira kutsogolo n'kumanga chitenje pachifuwa pawo. Anthu odutsa amatiyamikira, ati adokotala amakonda banja lawo. Akazi anga sawatsutsa. Amangodikira ndimalize kumanga, kenako amapisa dzanja lopsalo m'matumba anga onse, limodzilimodzi, monga amachitira nthawi zonse asanandilole kumunyamula mwana.