Ndinapukuta Matope a Kasinja

Mayi anga ankati akaona fumbi pawindo, tsiku limenelo m'nyumba simunkakhala mtendere. Ndiye nditapeza ntchito yosamalira bambo ena okalamba ku Germantown, kuno kutsidya kwa nyanja, azungu odwala nthenda yonjenjemera manja, ndinalowa m'nyumba mwawo kansanza kali m'manja. Ndinkadzitama kuti pa ukhondo palibe angandiuze kanthu. Uchitsiru wanga unagona pamenepo.

Bambowo anali ndi chipinda chapansi chodzaza ndi tiakasinja tapulasitiki, ta Ajeremani ta pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, tokwana pachikhatho. Poyamba ndinkaseka chamumtima, munthu wa imvi mbuu kumasewera ndi zidole! Koma iwo sankasewera. Ankatsegula mabuku a zithunzi zakale n'kumandilozera: penti yoyamba yachikasu ngati mchenga, pamwamba pake mawanga obiriwira ndi ofiirira, oti adani asamuone kasinja patchire. Mtundu ukaphonya pang'ono, ankafufuta n'kuyambiranso.

Panali kasinja mmodzi amene analimbana naye miyezi yambiri. Manja anali atafika poipa. Ankajambula wanga limodzi, n'kudikira kuti kunjenjemera kudutse, ine nditawagwirira chigongono. Anandiuza okha kuti ameneyu ndi womaliza, wina sadzathanso.

Loweruka ndi Lamlungu kunkabwera mayi wina kudzawasamalira m'malo mwanga. Lolemba m'mawa, bambowo akadali mtulo, ndinatsika pansi n'kupeza kasinja uja ali bii. Matope m'mawilo, dzimbiri likutsika m'mbali, pamwamba zoyera zothothoka ngati khoma la laimu lomenyedwa ndi mvula. Ndinamutukwana mayi uja mumtima kuti waulesi, masiku awiri okha zinthu zafika pamenepa? Ndinanyowetsa kansanza. M'makona ndinalowetsa timitengo tathonje tochotsera m'makutu, mpaka kasinja anawala.

Bambowo atatsika, anamuyang'ana kasinjayo nthawi yaitali.

"Mwamusambitsa?"

"Eya bambo, anali ndi fumbi lambiri."

"Fumbilo ndinaika ndine," anatero motsitsa mawu. "Ndinapera choko. Nyengo yozizira asilikali ankapaka laimu ndi tsache kuti kasinja afanane ndi chipale chofewa, kenako laimuyo ankasuluka. Ndinangotsala kuwaza mankhwala oti zigwire. Manja anandilola masiku awiri amenewo."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira, mwina ndikanapeza polirira.

Anayesa kubwereza masana omwewo. Burashi inkavina m'zala, choko n'kumwazika patebulo, kenako inagwa pansi. Ndinati ndipatseni ine, inu muzingondiuza. Koma dzanja langa silidziwa kudetsa. Laimu wanga ankatuluka wosalala ngati wa pa miyala ya m'mbali mwa msewu kukamabwera alendo. Iwo anangopukusa mutu n'kutseka botolo la penti, ine ndinafufuta zanga zonsezo.

Nditaweruka ndinakhala m'galimoto n'kuimbira mkulu wanga wa ku Lanham, ndikulira.

"Iwe, ukulirira toyi?" anatero. "Bola sanakuripote ku ejensi imene inakupezera ntchitoyo. Pita kunyumba ukagone, mawa uli ndi shifiti."

Achemwali sanamvetse, ndipo sindiwaimba mlandu. Ntchito ikanatha ndikanapeza ina. Chimene ndinafufuta chinali masiku awiri omaliza amene manja a munthu uja anamumvera, ndipo palibe kumene ndingakawatenge. Zimandiwawa mpaka lero.

Ndikadali nawo bambowo. Masitepe anasiya kutsika, nthenda ija inakwera kumutu, ndipo zakuti ndinalakwa anaiwala. Sindingathenso kupepesa, poti sakudziwa chopepesera. Masiku ena amaitanitsa kasinja uja, ine n'kukamutenga pansi, akuwalabe wopanda matope. Amamuyang'ana mbali zonse ali pamiyendo pawo.

"Uyu sindinamumalize," amatero. "Mawa ndimuika matope."

"Inde bambo, mawa."

Kenako ndimawakolekera kansalu pakhosi n'kuyamba kuwadyetsa, poti ngakhale supuni sangathenso kuigwira.