Nyengo ya Manachesi Imene Ndinali Pakamwa pa Amayi

Amayi anali ndi mpango wachikasu wa timadontho tofiirira. Akazi ena mpango wotere akanamanga kumutu, koma iwo ayi, ankaumanga pakhosi. Kuuzunguliza kawiri, mfundo n'kuibisa kuseri kwa khutu. Unkanunkha utsi ndi makoko a manachesi, ndipo pakona pake panali kabowo kamene kanapsa ndi khala, kongokwana chala changa chaching'onochi. Pansi pa mpangowo ndi pamene panali nkhani. Chotupa! Chinayamba ngati dzira la nkhunda, kenako ngati nachesi, pofika chaka chimene ndikunenachi chinali ngati kapapaya, chitangokhala phee pansi pa chibwano. Akameza malovu chinkakwera, n'kutsikanso. Kwathu kuno timati chithokomiro.

Wandikumbutsa zimenezi ndi mdzukulu wanga amene akuphunzira za unamwino ku Blantyre. Wabwera patchuthi ndi mabuku olemera ngati njerwa. Dzana ine ndikusankha nyemba pakhonde, iye ali pamkeka, akungobwereza liwu limodzi: endokirini, endokirini.

Ndinati, "Iwe, mnyamata ameneyo kwawo n'kuti? Abwere tidzamuone, usamangomutchula pakhonde panga."

"Agogo inunso! Atiuza kusukulu tipange ziganizo ndi liwu limeneli. Tamverani." Akuwerengatu ndi kamawu kake kam'mphuno kaja: "Endokirini ndi gulu la tiziwalo totulutsa mahomoni m'thupi. Endokirini ikasokonekera, munthu amatha kudwala shuga."

Ndinati andiuze m'Chichewa cha anthu. Ndiye anandifotokozera bwinobwino, mwana ameneyu ali ndi mtima. Akuti m'thupi muno muli tiziwalo tating'onoting'ono, kena m'mutu, kena pakhosi, tina m'mimba umu, timene timadontheza timadzi take m'magazi. Timadzi timeneto ndi timene timauza thupi kuti kula, funda, gona, bereka. Akuti ka pakhosi kakasowa ayodini, uja amathira mumchere wa m'mapaketi masiku ano, kamatupa. Munthu amangomva kuzizira, kutopa osagwira ntchito, mawu n'kusasa.

Lichero ndinaliika pansi. Zaka zonsezi, abale! Tsitsi lonse kuyera mbuu, ndiye ndidzamve lero dzina la chinthu chimene chinagona m'nyumba mwathu.

Ndinati, "Lemba chiganizo changa. Lemba kuti: endokirini inalanda mawu a amayi anga nyengo ya manachesi." Analemba. "Lembanso kuti: endokirini inandichotsa pasukulu." Koma cholembera chisanafike papepala ndinamugwira dzanja. "Ayi, chimenecho chisiye. Chimenecho ndikuinamizira."

Chaka chimenecho dzanja langa linali litangoyamba kufika khutu la mbali inayi podutsa pamutu, paja msinkhu wa sukulu ankationera choncho. Anandilemba. Tinkaphunzirira m'tchalitchi, kukhala pansi, miyendo tambalale, kulemba ndi chala padothi. Ine sukulu sindinkaikonda, ndisakunamizeni. Munthu ukhale duu kuyambira m'mawa, pakamwa potseka? Aphunzitsi athu anali aatali, owonda, choko mpaka m'nsidze. Tsiku lililonse: "Iwe wa pakamwa ngati belu, khala chete!" Kabango pamutu, go! Chilembo chimene ndinachigwira ndi o basi, chifukwa n'chozungulira ngati nachesi.

Abambo anali ku Joni, ndipo makalata anali atasiya kubwera. Chimene anatisiyira ndi mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba. Mitengo imeneyo ndiyo inali sopo wathu, mchere wathu, zovala za ang'ono anga awiri, ngakhale chimanga chikatha m'nkhokwe tinkayang'ana komweko. Tsono manachesi sadikira munthu. Kukangoyamba kuzizira amapsa onse pamodzi, nthambi kuwerama mpaka kuziikira mphanda.

Kuzizira kwa chaka chimenecho sindidzakuiwala. Nkhungu inkatsika m'mapiri m'mawa, kamvula kowaza kaja tsiku lonse, udzu uli nyowee. Amayi zitenje ziwiri, pamwamba jekete ya abambo, koma akunjenjemerabe padzuwa. Ndiye mawu aja anayamba kuthawa. Poyamba anasasa ngati munthu wachimfine. Kenako anangotsala mpweya wokhawokha, fyuu, ngati tayala la njinga likuphwa. Kuti umve, khutu uliike pakamwa pawo penipeni.

Amalume anabwera, kuvundukula mpango, kuyang'ana, kupukusa mutu. Mawu awo anali a pansi pa mimba: "Mlongo, ichi si chachilengedwe ichi. Ichi n'choponyeredwa. Mitengo yakoyi anthu ikuwawawa." Anawakweza panjinga mpaka cha ku Thambani, kwa munthu wina wodziwa zitsamba. Anabwerako ndi mphini kuzungulira khosi lonse, zakuda bii ndi mankhwala. Chotupa osasuntha ngakhale pang'ono. Amalume sindiwanena, iwonso ankapalasa njinga mtunda wonse uja chifukwa cha chikondi. Nanga panali amene ankadziwa kuti nkhani ili pa mchere? Mchere wathu unali uja wamiyalamiyala, woyeza pa kambale kumsika.

Tsono kugulitsa manachesi pamsewu ndi pakamwa. Basi ikaima, kapena malole aja opita ku Zobwe, simatenga nthawi. Akazi onse thamangani, madengu m'mwamba, aliyense akukuwa. Amene wakuwa kwambiri ndi amene wagulitsa. Amayi ankafika pawindo mochedwa, n'kukweza dengu, milomo ikuyenda koma osamveka kanthu. Ena akaona mpango pakhosi ndi kutupa kuja ankayang'ana kumbali. Sabata yathunthu ankabwerako ndi dengu lodzaza mmene analinyamulira. Pansi pa mitengo manachesi anayamba kugwa okha, thi, thi, fungo lowola lotsekemera lija mpaka m'nyumba, tintchentche ng'waa.

Loweruka lina amayi anandigwira dzanja, tiye. Tafika pamsewu, basi yaima, iwo anangonditsina pang'ono paphewa. Eee! Ine kutsegula pakamwa:

"Manachesiii! A ku Mwanza enieni! Otsekemera ngati mkazi woyamba! Achimwene a chipewa inu, musayang'ane kumbali, ndakuonani kale!"

Basi yonse kuseka. Dalaivala wina wa lole, wa ku Tete, wamimba yake, anatulutsa mutu, n'kundiitana mtsikana m'Chipwitikizi chakwawo: "Eh, menina! Iwe pakamwa wameza wailesi?" Anagula mulu, ine n'kumuikira banyira awiri. Dzuwa lisanafike pamutu dengu linali mbee. Tikubwerera amayi anandisendera nachesi okha, n'kumandipatsa kachigawo kamodzikamodzi ngati khanda. Madzi ake ozizira kutsikira pachigongono. Chinthu chomwecho chimene kusukulu ankandimenyera, kuno chinali kudyetsa nyumba.

Lolemba ndinapitanso kumsewu. Lachiwiri kumsewu. Palibe amene ananena kuti sukulu yatha. Inangotsalira m'mbuyo ngati chitsa.

Kuchokera pamenepo ndinasanduka pakamwa pa amayi paliponse. Kuchigayo, kuchitsime, kutchalitchi, ngakhale pokalipira ang'ono anga. Kachitidwe kake kanali kotere: amayi andikoke khutu pang'ono, andinong'oneze, mpweya wawo wofunda ukundiyabwa, ine ndiimirire n'kuyamba ndi liwu lakuti "Akuti". Akuti mwadzuka bwanji. Akuti mugaye woyera. Akuti maliro aja tamva, pepani. Anthu anazolowera, moti polankhula ndi amayi ankayang'ana ine.

Mwana ukamupatsa mpando wotere amakula mutu. Ndinayamba kuthirako tsabola wanga. Mayi wina woyandikana nafe anabwera kudzabwereka sefa. Amayi kunong'ona: "Auze atenge, abweze akamaliza." Ine:

"Akuti tengani, koma mubweze lero lomwe, osati ngati mpeni uja munausandutsa wanu!"

Mayo! Chitsino cha pantchafu, chopotokola. Amayi mawu analibe, koma zala zinali ndi mphamvu. Ine pompo: "Akuti pepani, za mpenizo ndawonjezera ndine." Linali lamulo lathu limenelo. Ndikapotoza mawu, chitsino, ine n'kuwongola. Ntchafu iyi inali ndi mabala a bodza langa okhaokha.

Ndiye tsiku lina masana, titabwerako kumsewu, tikuthyola a mawa, tinamva belu la njinga, ngiri ngiri. Aphunzitsi! Buluku atalimanga ndi timphira m'miyendo. Amayi anawapatsa kampando, eni ake n'kukhala pamkeka, n'kundikhazika pambali pawo monga mwa masiku onse. Madengu atatu odzaza anali pakhonde, ang'ono anga akusewera ndi makoko pafumbi.

Aphunzitsi anavula chipewa, n'kuchiika pabondo. Sanakalipe ayi. Anayankhula ndi mawu amene sindinawamvepo m'kalasi, ofatsa.

"Mayi, matenda anu ndawamva, pepani. Koma ndabwerera mwanayu. Ndi waphokoso, inde, amandiwawitsa mutu. Koma nyimbo ndikaimba kamodzi, iye waigwira yonse. Mutu ulimo umu. Akapanda kubwera sabata ikubwerayi, akuluakulu akuti ndifufute dzina lake m'kaundula. Ndiye ndati ndisafufute ndisanamve kwa inu."

Amayi anandikoka khutu. Ndikuwamvabe mpaka lero, liwu lililonse likutuluka movutika ngati akukoka chingwe m'chitsime:

"Auze kuti Lolemba ubwera. Manachesi awole."

Ine ndinayang'ana aphunzitsi, ndinaona kabango. Ndinayang'ana madengu, ndinaona basi yonse ikuseka, madalaivala akundikodola. Ndinaimirira, manja kumbuyo, mwaulemu wake:

"Akuti ayi, aphunzitsi. Akuti mwanayu ali ndi ntchito pakhomo pano. Akuti fufutani."

Ndinakhala pansi msanga n'kuumitsa ntchafu, kudikira moto. Zala za amayi zinabweradi. Ndinazimva zitagwira pantchafu, zozizira, zakonzeka kale kupotokola. Ndinatsinzina.

Sizinatsine.

Zinangokhala pompo, kenako zinamasuka pang'onopang'ono, dzanja lonse n'kugona pabondo panga.

Aphunzitsi sanali opusa. Anandidumpha ine ndi maso, n'kuyang'ana amayi. "Mayi, mawu amenewa ndi anu?"

Apatu sipankafunika mawu. Kupukusa mutu kokha kukanakwana, ngakhale kukweza chala. Amayi anayang'ana madengu aja pakhonde. Anayang'ana ang'ono anga, wamng'onoyo ali ndi khoko la nachesi m'kamwa, kamimba kali panja. Kenako anayang'ana pamkeka, n'kuyamba kutolatola kaudzu kamene kanasomoka. Aphunzitsi anadikira. Nkhuku inadutsa pakati pathu. Anadikirabe. Mapeto ake anavala chipewa.

"Chabwino, mayi. Ndamva."

Amayi anadzuka, n'kusankha manachesi akuluakulu, kuwamangira pakeliyala ya njinga ndi luzi. Aphunzitsi sanakwere. Anaikankha njinga ija wapansi mpaka kukapotera kuseri kwa nsungwi.

Manachesi atatha ndinagulitsa nthochi, kenako mango, kenako chimanga chootcha, mpaka kukula, mpaka kukwatiwa, pamsewu pomwepo. Ana anga onse ndawaphunzitsa ndi pakamwa pomwepa, ndipo sindidandaula kwenikweni. Kungoti kuchipatala akandipatsa pepala ndimaligwira ngati tsamba la fodya, kudikira wina andiwerengere. Amayi mawu anabwerera pang'ono patapita zaka, a zaumoyo atayamba kuyenda m'midzi ndi mankhwala awo, koma anali mawu okhuthala, ngati a mwamuna wongodzuka kumene. Tinakamba zambiri ine ndi iwo mpaka tsiku lawo lomaliza. Za abambo, za minda, za amuna anga. Za tsiku la aphunzitsi lokha, ayi. Iwo osaliyamba, inenso osaliyamba.

Aphunzitsi atapita tsiku lija, amayi sanabwerere kokathyola. Anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kundiluka tsitsi, chonsecho anali atandiluka dzana lake. Kumasula mzere wabwinobwino, kuulukanso, kumasula, kuulukanso, mpaka dzuwa kupendeka. Sanandikoke khutu ngakhale kamodzi. Ine ndinali kuimba, miyendo ikusewera pafumbi, mtima uli mbee, ndikudziuza kuti lero ndapusitsa akuluakulu awiri nthawi imodzi, mwina amayi sanamve bwino.

Ndinali mwana, abale. Sindinkaganiza n'komwe kuti matenda aja anagwira khosi lokha, makutu anali abwinobwino. Amayi anandinong'oneza mawu amene mayi aliyense amayenera kunena. Enawo, amene anali ndi njala ya ang'ono anga mkati, sakanatha kuwatulutsa ngakhale khosi likanakhala lopanda chotupa. Ine ndinawanenera mokweza, bwalo lonse kumva, ndipo iwo anangowasiya aime.