Mphindi Zitatu za Malemu Kareem

Esnath mukamuona akudutsa pamsika wa pa Boma la Ntcheu, chikwama chakuda chili kumsana, nsapato zili mbuu ndi fumbi, simunganene kuti ndi munthu wa makompyuta. Ambiri amamuyesa namwino amene wangoweruka, ndipo iye sawatsutsa. Akuti kufotokozera wogulitsa tomato ntchito yake n'kutaya malovu, ndipo pamenepo ine ndimagwirizana naye.

Anabadwira kufupi ndi mishoni ya Nzama, m'banja lolima kachewere. Atalemba fomu folo anatsikira pa Boma, n'kupeza ntchito yotayipa makalata m'kashopu ka mafotokope. Kumeneko ndiko anakumana ndi Kareem, mwana wa mayi Zubeda a golosale ya m'mbali mwa msewu waukulu. Kareemyo anali munthu wowonda, wachibwibwi pang'ono, amene anaphunzira kulemba mapulogalamu ku Blantyre n'kubwerera kwawo bambo ake atamwalira. Ataona mmene zala za Esnath zimathamangira, anati, "Inu mukuwononga manja amenewo." Anamuphunzitsa JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa intaneti. Patatha zaka zitatu awiriwo anali ndi kaofesi kawo kuseri kwa shopu ya njinga, akusamalira pulogalamu youza alimi a mpunga a ku Bwanje pafoni tsiku limene madzi afike m'munda mwa aliyense. Kabungwe kena ka ku Lilongwe ndi kamene kanawalemba ntchito.

Lachiwiri lina mu Febuluwale Esnath anali ku Bwanje kukaonetsa alimi zatsopano. Kareem anagwa m'mawa m'golosale ya mayi ake, mtima utaima. Foni kuchigwa kuja inali isakugwira. Pamene uthenga unkamupeza Esnath, n'kupeza kabaza, n'kudikira minibasi kuti idzaze, anafika dzuwa litapendeka, Kareem atamuika kale m'manda monga mwa mwambo wa Chisilamu. Nkhope sanaione. Choncho mutu unkadziwa kuti Kareem anapita, koma mtima unakana, unkangoti munthu watuluka pang'ono.

Atatha masiku makumi anayi, mayi Zubeda anamuitanitsa n'kumupatsa laputopu ya malemuyo itakulungidwa m'chitenje.

"Tengani, mwana wanga," anatero. "Ine ndikaiona pathebulo chakudya sichitsika."

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono, pirirani nane. Pulogalamu ngati yawoyi imakhala timafayilo mazanamazana. Kuti foni ya mlimi iwerenge, pamafunika pulogalamu ina yotolera timafayiloto n'kumanga mtolo umodzi, monga amachitira mayi pamene watha kutola nkhuni. A ntchitoyi amaitcha bandula. Yawoyo amene anaisankha ndi kuikonza anali Kareem, ndipo inali yochedwa ngati ngolo ya ng'ombe zotopa.

Tsiku loyamba kutsegula laputopuyo, itangotentha pang'ono, m'chipinda monse munamveka kafungo ka mafuta onunkhira amene Kareem ankadzola Lachisanu. Esnath analimba mtima, n'kulamula bandula kuti imange mtolo. Asanachotse n'chala chomwe, ntchito inali itatha. Masekondi anayi.

Thupi lonse linachita tsemwe. Anatuluka panja, n'kukaima pakati pa amakanika a njinga.

Atabwerera anafufuza, chifukwa Esnath si munthu wothamangira kunena za mizimu. Anapeza kuti Lolemba masana, kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire, Kareem anatsegulira bandulayo kafoda kosungiramo ntchito imene yachitika kale, kuti makina asamaibwereze. Kafoda kotero amati keshi. Sanamuuze, mwina ankafuna kudzamudzidzimutsa akabwera ku Bwanje. Mafayilo ambiri m'menemo anali akadali ndi deti la Lolemba lija. Ndiye kuti nthawi iliyonse Esnath akamanga mtolo, gawo lalikulu la ntchitoyo linali litagwiridwa kale ndi munthu amene ali m'manda. Ankadziwa bwinobwino kuti ndi makina chabe. Komabe m'mawa uliwonse, potsegula chivundikiro, ankapezeka atanena motsitsa kuti, "Mwadzuka bwanji, a Kareem?"

Zinayenda choncho mpaka Juni, mphepo ya ku Ntcheu itayamba kuluma makutu. Ndiye kunabwera foni yochokera kwa Tracy, amene amayang'anira ntchitoyi ku Lilongwe.

"Asisi, kwatuluka bandula ina, akuti ndi yachangu," anatero Tracy. "Muziyese zonse ziwiri pa makina amodzi, kakhumikakhumi, mulembe nthawi. Koma muyambire poyera, mufufute keshi yonse. Imene ipambane ndi imene tizigwiritsa ntchito. Pofika Lachisanu."

"Nanga yakaleyi ikagonja?"

"Tiichotsa basi. Pali vuto?"

"Ayi, palibe," Esnath ananama.

Anachita zonse mwadongosolo lake. Analumikiza laputopu kumagetsi, n'kutseka mapulogalamu ena onse kuti asabere mphamvu, n'kujambula mizere m'kope. Chimodzi chokha sanachite: keshi sanaikhudze. Yatsopano inatenga masekondi asanu ndi anayi. Ya Kareem anayi okha, kakhumi konse. Analemba uthenga wopita kwa Tracy wonena kuti yakale yapambana, chala n'kuima pamwamba pa batani.

Chimene chinamugwira dzanja ndi nkhani ya ndowa. Ali mwana ankaperekeza bambo ake kukagulitsa kachewere kumsewu, ndipo kunali mavenda ena obwera ndi ndowa zawo zosula pansi kuti muzilowa wambiri. Bambo ake ankalavula malovu akawaona. Tsopano iye, mwana wa munthu yemweyo, anali atakhala muofesi ndi ndowa yosula, akuyeza mtolo womangidwa kale ndi mtolo woyambira pansi. Uthengawo sanautumize, komanso sanaufufute. Unakhala momwemo masiku awiri, iye akuyendayenda pamsika osagula kanthu.

Mwina mukuti, bwanji osangokopera kafodako pa fulashi? Anakopera, musamuyese chitsiru. Koma ankadziwa kuti yatsopano ikapambana palibe makina adzawerengenso mafayilo amenewo. Adzangokhala ngati malaya a malemu m'sutikesi. Chimene ankaopa kutaya ndi kugwira ntchito limodzi ndi Kareem m'mawa uliwonse.

Lachinayi masana, kunja amakanika akukhoma sipoko, anafufuta keshiyo. Makina sanafunse n'kawiri komwe. Analamula bandula ya Kareem kuti iyambe.

Fani yoziziritsa laputopu inayamba kulira, kaphokoso kotopa kamene anali asanakamve chiyambire Febuluwale. Manambala anayamba kukwawa. Esnath anakankhira mpando m'mbuyo osaganiza, n'kutembenukira kumanzere, pakamwa patatseguka kale.

"Mukudziwa, a Kareem, dzulo pamsika..."

Pampando wakumanzerewo panali makatoni a mapepala.

Anali ataiwala. Kale mtolo unkatenga mphindi zitatu, ndipo pa mphindi zimenezo panalibe chochita koma kudikira. Kareem ankachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, n'kuyamba nkhani: za mayi ake, za mpira, za nyumba imene ankafuna kudzamanga chakumtunda kozizira. Makina akamaliza onse ankabwerera ku ntchito, nkhani n'kudukira pomwepo. Zaka zonse zija sanayendepo limodzi ngakhale kukafika padepoti. Zonse zimene Esnath ankadziwa za munthu ameneyu anazimva mphindi zitatuzitatu.

Analemba m'kope: mphindi zitatu, masekondi khumi ndi awiri. Anafufutanso, n'kuyambitsanso, mpaka kakhumi, misozi ikudonthera pamizere. Kenako anakonza uthenga uja, n'kuikamo manambala oona, n'kutumiza. Tracy anayankha msanga: "Mwagwira ntchito, asisi. Tisintha Lolemba."

Kuyeza kunali kutatha, m'kope munalibe mzere wotsala. Esnath anatsitsa makatoni aja pansi, n'kuyang'anitsa mpandowo kwa iye. Anafufuta keshi, n'kuyambitsa bandula kachikhumi ndi chimodzi. Fani itayamba kulira, anayamba kumuuza Kareem kuti ankamukonda, kuyambira liti, ndi chimene chinamutseka pakamwa. Makina anamaliza iye asanafike n'pakati pomwe.